Yarina ndi Chibafa Chopita ku Mwezi

Yarina ndi mdzukulu wanga. Chaka chimenecho anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuona Chibafa chikuyenda.

Chibafa chinali makina opita ku Mwezi. Chinali ndi matayala asanu ndi atatu. Chinali ndi maso awiri a galasi. Akuluakulu anachipatsa dzina lawo. Ine ndinkangoti Chibafa, poti chinkaoneka ngati bafa losambiramo.

Ine ndine Panas. Ntchito yanga inali yokumba maenje. Kuseri kwa mudzi wathu, ku Crimea, tinathira mchenga wambiri. Tinaika miyala. Tinakumba maenje ngati a ku Mwezi. Chibafa chinkaphunzira kuyenda pamenepo.

Woyendetsa anali Vadim. Iye sankakwera Chibafa. Ankakhala m'chipinda, makatani ali otseka. Ankayang'ana pa kanema woonetsa zimene maso a Chibafa akuona, dzanja lili pa chiwongolero. Kusuzumira panja kunali koletsedwa. Paja Chibafa chikadzapita ku Mwezi, adzasuzumira pati?

Lolemba Chibafa chinagwera m'dzenje. Lachiwiri chinagweranso. Lachitatu chinagweranso, khu!

A Zubov, bwana wathu, anandiitana.

"Mdala, maenje akowa ndi oipa," anatero.

"Dzenje ndi dzenje, bwana. Nanga ku Mwezi mukakalipira ndani?"

"Pakamwa apo! Chikagwanso mawa, ntchito yako yatha."

Sindinadabwe. Anthu a mapepala salakwa. Amalakwa ndi wa fosholo.

Lachinayi masana Yarina anandibweretsera chakudya. M'dengu mwake munali buledi wakuda, mafuta a nkhumba ndi nkhaka ziwiri. Mlonda anatenga nkhaka imodzi n'kumulowetsa.

Yarina anaima pakhomo pa chipinda cha Vadim. Akayang'ana kumanja, ankaona Chibafa. Akayang'ana kumanzere, ankaona kanema.

Chibafa chinafika pa mwala woyera. Koma pa kanema mwalawo unali kutali. Yarina anawerenga chamumtima. Atafika pa khumi, mwala unaoneka pafupi.

Kutsogolo kunali dzenje. Chibafa chinkapitabe.

"Amalume Vadim, imani!" anakuwa Yarina.

Vadim anaimitsa.

"Mwana wa ndani uyu?" anafunsa a Zubov.

"Wanga," ndinayankha. "Saluma."

"Iwe kamtsikana, dzenje lili kutali," anatero Vadim. "Taona pa kanemapa."

"Ayi, amalume. Tayala lili m'mphepete mwenimweni mwa dzenje. Chithunzi chanucho ndi chakale."

Tonse tinadikira. Chithunzi chatsopano chinabwera. Dzenje ili, pafupi ndithu!

Vadim anagwira kumutu.

"Ndikudziwa kuti chimachedwa," anatero. "Timachichedwetsa dala, poti Mwezi uli kutali. Koma ndayendetsa lole zaka khumi. Dzanja langali silidziwa kudikira."

A Zubov anapukusa mutu.

"Ku Mwezi sikudzakhala mwana woima pakhomo."

"Ndiye tsekani chitseko," anatero Yarina. "Ine ndiziwerenga."

Anatseka chitseko. Yarina anakwera pa mpando. Miyendo yake sinkafika pansi.

"Pitani pang'ono, amalume. Imani. Dikirani."

Anawerenga mpaka khumi. Chithunzi chinabwera.

"Pitani pang'ono. Imani. Dikirani."

Chibafa chinalambalala dzenje loyamba.

"Pitani pang'ono. Imani. Amalume, dzanja! Ndati dikirani!"

"Pepani, aphunzitsi," anatero Vadim.

Chibafa chinalambalala dzenje lachiwiri. Kenako Vadim anayamba kuwerenga yekha. Yarina anamusiyira.

Linatsala dzenje lalikulu. Limenelo ndinakumba masiku atatu. Ine mtima unali m'mwamba.

Chibafa chinapita pang'ono. Chinaima. Chinadikira. Chinakhota. Chinadutsa!

Onse anawomba m'manja. Vadim anamunyamula Yarina m'mwamba. Ngakhale mlonda anafuula panja.

A Zubov anakhosomola.

"Maenje akowa ndi abwino, mdala."

"Anali abwino kuyambira Lolemba, bwana."

"Mawa ubwere ndi fosholo yako."

Sanapepese. Anthu otere sapepesa. Koma ntchito yanga sinathe.

Miyezi inapita. Kunja kunayamba kuzizira. M'mawa wina tinkamwa tiyi kunyumba. Mayi ake a Yarina anakweza wailesi.

Wailesi inati makina athu atera pa Mwezi. Inati atsika bwinobwino. Inati akuyenda!

Yarina analumpha mpaka tiyi anatayika.

"Agogo, chikuyenda! Sichinagwe!"

"Sichinagwe, mwanawe."

Ndinatchera khutu mpaka nkhani zinatha.

"Dzina lako sanatchule," ndinatero. "Ndinadziwiratu ine."

"Nanga lanu atchula, agogo?"

Mayi ake anaseka. Yarina anaseka. Inenso ndinaseka pang'ono. Ndinamukweza paphewa, ngakhale msana unkawawa. Tinazungulira tebulo katatu.

Wailesi ndi ya akuluakulu. Koma pensulo imene ndikulembera nkhaniyi ndi yanga. Ndiye dzinalo ndalemba ndekha, ndi zilembo zazikulu: YARINA.