Buku la Malemu M'bokosi la Zipangizo

"Kiyi wa bokosilo anatayika kalekale," anatero a Kalipentala, maso ali pa thabwa limene ankapala. Kiyiyo anali m'thumba la malaya awo, akuwakanda pachifuwa.

Mwana wawo wamwamuna, woyendetsa malole, anaima pakhomo la shedi atagwira kalata. Kumbuyo kwake kunali mkazi wake, maso pansi. Mtsikanayu anamaliza digiri ya sayansi zaka zitatu zapitazo, ndipo tsopano ankafuna kulowa sukulu ya udokotala. Vuto linali magiredi. Zaka zoyamba ankakhoza bwino, koma chaka chomaliza anangopulumukira pakamwa pa ng'ona. A komiti ya sukuluyo anamulembera kuti afotokoze chimene chinachitika chaka chimenecho, abweretsenso umboni Lachisanu lisanadutse, apo ayi malo apita kwa wina.

Umboniwo unalipo. Linali buku la kuchipatala la malemu akazi a Kalipentala, amene anadwala khansa chaka chomwecho. Mpongoziyu ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kugona pansi pa bedi lawo mu wodi, anzake akuwerengera mayeso. Manesi ankalemba dzina lake m'bukumo tsiku ndi tsiku. Koma bukulo a Kalipentala analitsekera m'bokosi la zipangizo, pansi pa masowo akale ochekera matabwa.

"Bambo, sitikupempha nyumba ayi. Tikupempha kabuku," anatero mwanayo.

"Pepala likalowa mu ofesi limamera miyendo, iwe. Lero aliwerenga a komiti, mawa wosesa, mkuja dziko lonse likudziwa mmene mayi ako ankadziipitsira. Malemu asiyeni agone." Anapemerera utuchi pa thabwa. "Komanso udokotala si wa aliyense. Munthu wolephera mayeso tikamupatse mpeni ang'ambe anthu? Ine mpando ukapendekeka sindinamizira matenda a munthu."

Mpongoziyo sanayankhe. Ndi chimene a Kalipentala ankadana nacho kwambiri mwa iye. Zaka zitatu akumunyoza pa chilichonse, tiyi wozizira, zovala zosasita, mabuku ake odzaza patebulo, koma iye ankangoti "pepani bambo." Munthu amene akukusungira chinsinsi chako umamuda kuposa amene wakuululira, chifukwa m'mawa uliwonse ukamuona umakumbuka.

Chinsinsicho chinali pa tsamba limodzi. Tsiku la opaleshoni madokotala anafuna siginecha ya mwamuna wa wodwala. A Kalipentala anali atapita kukakhoma denga kutauni ina, ntchito ya masabata atatu, koma unali mwezi wachisanu asanabwerere. Mpongoziyo anakwera basi kukawafuna, ndipo anawapeza m'nyumba ya mayi wina wogulitsa nsalu, atavula malaya, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Anawapatsa moni, anawauza uthenga, iwo anati abwera mawa. Mawalo linasanduka sabata. Nesi analemba kuti mwamuna waitanidwa koma sanabwere, wasaina ndi mpongozi. A Kalipentala sukulu analekezera panjira, koma mzere umenewo anauwerenga pang'onopang'ono mpaka kuuloweza.

"Ndithyola bokosili," anatero mwanayo, akutola nyundo.

"Thyola uone ngati ugonanso m'nyumba mwanga."

"Ikani nyundoyo pansi," anatero mpongozi kwa mwamuna wake. "Bambo akana, basi. Ndikalemba kuti ndinkachita ulesi."

"Ulesi?" anatero mwamuna wake. "Iwe unaonda ngati ndodo chaka chija. Ine ndili pamsewu, achemwali anga akungoimba foni, bambo ali kuntchito. Ukanamizirenji?"

"Ndati zisiyeni." Misozi inatsika, anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja. "Udokotala si mpweya. Anthu akukhala opanda."

A Kalipentala anamuyang'ana. Ankayembekezera kuti lero, atapanikizika chonchi, alavula zonse, ndipo anali atakonzeka kumutcha wabodza. Koma mtsikanayo ankalolera kutaya sukulu kachiwiri, ndipo kawiri konseko chifukwa cha iwo. Anaika chopalira pansi, anatulutsa kiyi m'thumba, n'kugwada pabokosi. Mawondo analira.

"Kodi si munati anatayika?" anafunsa mwanayo.

A Kalipentala anatsegula bokosilo. Anachotsa masowo, anatulutsa bukulo, chikuto chitadetsedwa ndi dzimbiri. Anatsegula pa tsamba lija osafufuza, n'kumupatsa mwana wawo.

"Werenga apa. Mokweza ayi."

Mwanayo anawerenga kawiri. "Anakuitanani? Munatiuza kuti uthenga sunakupezeni."

"Unandipeza. Anabweretsa ndi apongozi anga omwewa." Analoza mtsikanayo. "Denga ndinali nditamaliza kale. Ndinali kwa mkazi wina."

Mwanayo anatembenukira mkazi wake. "Ndipo iwe unkadziwa? Zaka zonsezi akukutukwana, iwe uli duu?"

"Mayi anandipempha kuti ndisakuuzeni. Anati mwana asataye makolo onse awiri chaka chimodzi."

Ichi a Kalipentala sankachidziwa. Ndiye kuti malemu anapita akudziwa. Anakhala pa benchi mwadzidzidzi, ngati wina wawatchera mwendo. Mwanayo anaponya bukulo pa thabwa, anatuluka, anamenyetsa chitseko cha malata mpaka misomali ya pashelefu inagwa. Posakhalitsa anamva geti likulira.

Mpongoziyo anatola bukulo, analipukuta utuchi ndi chitenje.

"Bambo, popanga fotokope tsamba ili ndikhoza kuliphimba ndi pepala. Masamba enawa akwanira."

Mtima wawo unafuna kuvomera. Anaona m'maganizo anthu a mataye atazungulira tebulo, akupatsirana manyazi awo ngati nyuzipepala.

"Mayeso aakulu munalemba liti, apongozi?"

"Tsiku lotsatira opaleshoni. Ndinachokera mu wodi."

"Ndiye tsamba limene akufuna ndi lomwelo." Anayang'ana manja awo okakala, osatha kukweza maso. "Musaphimbe. Ndipo mukawauze opanga fotokopewo akaike makina awo bwino, inki ikaoneke. Anthu a m'maofesi sakhulupirira chinthu chofufutika."