Kompyuta Inakhulupirira Bodza la Achimwene

Anzanga, musandidule pakamwa, ndiloleni ndiyambire poyamba penipeni, apo ayi ndisokoneza zonse chifukwa mtima ukungondithamanga!

Kwathu ndi pa Boma pa Ntchisi, kuseri kwa msika, nyumba ya njerwa zootcha yokhala ndi mitengo ya mapeyala pakhomo. Bambo athu, a Benjamini, ndi mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo. Mayi athu ndi a chigwirizano. Ana tilimo awiri, ine Tiyamike wa Fomu 2 ndi achimwene anga a Nedson. M'nyumba mwathu munthu satuluka m'mawa tisanaimbe ndi kupemphera, ndipo besi ya achimwene inkachita kunjenjemeretsa malata.

Achimwene ankagwira ntchito pa sitolo ya kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza. Mukudziwa kuti chibwerereni matipate aliyense akulima fodya wa bale, ndiye sitolo zoterezi zangoti mbwee, zonse zikulimbirana alimi omwewo. Ntchito ya achimwene inali kupalasa njinga m'midzi, kucheza ndi alimi ndi kumva zosowa zawo, kuti mvula ikamayandikira adzagule kwa iwo, osati kwina. Mwa alimi onsewo amene ankawakonda kwambiri anali a Obed, apampando a kalabu ya alimi a fodya kumapiri a mbali ya ku Dowa. Iwowa ankagulira kalabu yonse, ndipo ankawatchula achimwene kuti "mwana wanga". Sankawalola kubwerera opanda nzimbe pakaliyala.

Musitolomo munali kale kompyuta, koma inkangosunga maina ndi midzi basi, zilembo zobiriwira pagalasi lakuda. Tsono chaka chatha m'mwezi wa Juni bwana wawo, a Vinsenti, anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi timadisiki m'kabokosi, n'kuikamo pulogalamu yatsopano. Ine ndinalipo, ndinali nditawaperekera achimwene mbatata. Abale inu! Galasi lija linangoti ngwee, mitundumitundu ngati chitenje chatsopano.

A Vinsenti anandiuza kuti, "Tatchula mlimi aliyense, mtsikana."

"A Obed," ndinatero.

Anangodina zilembo ziwiri, dzina lonse n'kutulukira lokha, mudzi wawo, mbewu yomwe amakonda, mpaka dzina la mayi a kunyumba kwawo! Anadinanso pena, panabwera alimi a fodya okhaokha. Pena, a chimanga okhaokha. Ukafuna kuitanira alimi ku chionetsero, inkasindikiza makalata aliyense ndi dzina lake, ngati kuti yakhala pansi n'kumulembera yekha. M'mawa ukangoiyatsa inkalira kuti tii, tii, n'kukuuza kuti lero ukayendere uje ndi uje. Ukabwerako panali malo olembapo zomwe mwacheza. Alimi ogula kwambiri inkawapatsa nyenyezi, yokha, popanda woiuza. Ndipo Lachisanu lililonse achimwene ankangotumiza kadisiki pa basi, a Vinsenti n'kuona zonse ali khale mu ofesi ku Lilongwe. Ine ndinachita kuzungulira kumbuyo kwake kuti ndione ngati mulibe munthu.

Mwezi woyamba zinayenda bwino zedi. Kenako kunabwera Lester, mnzawo wa ku pulayimale amene amagulitsa mowa pa bala ya kumsika. Anawapeza achimwene akupopa njinga, dzuwa lili pamutu.

"Aise, bwana wako amakuona ukamakwera mapiri amenewa?"

"Ayi, amaona zomwe ndalemba."

"Nanga ukuferanji? Lemba kuti wapita. Makinawo ali ndi maso? Ino ndi demokalase, munthu sakakamizidwa. Tiye ukakhale pamthunzi, botolo loyamba ndi langa."

Achimwene anaseka, anati lero lokha. Madzulo analemba mu kompyuta kuti alimi onse awapeza ali bwino. Kompyuta sinafunse kanthu, inangolandira. Lolemba a Vinsenti anaimba foni kuwayamikira. Basitu, pamenepo ndiye chitseko chinatseguka. Lero lokha lija linasanduka sabata, sabata n'kusanduka mwezi. Kompyuta ikalira m'mawa, iwo ankangolemba nkhani zopeka, zokoma kuposa zenizeni, n'kutseka sitolo ulendo wa kwa Lester. Anayamba ndi botolo limodzi, anamalizira kachasu wa kuseri.

Mayi ndiwo anayamba kuona. "Nedson, nsapato zako bwanji zilibe fumbi masiku ano? Kapena kumidziko anathirako phula?"

Achimwene anangonyamuka n'kulowa kuchipinda.

Tsiku lina Bambo anawakhazika pansi. "Ndakumana ndi mlimi wako wina pachigayo. Akufunsa ngati anakusamutsa."

"Bambo, zinthu zinasintha. Inu munazolowera choko ndi bolodi. Pano ntchito ikugwira ndi kompyuta."

"Kompyutayo imavula chipewa n'kukhala pamphasa ya munthu? Imafunsa kuti ana adzuka bwanji? Ukudya malipiro a ntchito yomwe sukugwira, mwana wanga, ndipo pakamwa pako pakununkha. Chakudza sichiimba ng'oma."

Achimwene anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Kuyambira tsiku limenelo mapemphero a m'mawa tinkaimba opanda besi.

M'mwezi wa Okotobala kampani inaganiza zopereka njinga yatsopano kwa mlimi wa nyenyezi zambiri. Kompyuta inasankha a Obed. Loweruka m'mawa a Vinsenti anatulukira ndi galimoto ya kampani, njinga ili kumbuyo atayimanga maliboni, ndipo anandipempha kuti ndivale yunifolomu ndikapereke ine mphatsoyo pojambulitsa. Ine chimwemwe chake! Koma achimwene thukuta linali kamukamu.

"Bwana, msewu wake ndi woipa. Bwanji ndikapereke ndekha?"

"Ayi, Nedson, ndikufuna ndikawaone ndi maso. Ndawerenga za iwo sabata iliyonse mpaka ndikuwamva ngati malume anga."

Tinakwera mapiri, tinatsika, wailesi ikuimba. Titayandikira mudzi uja tinaona nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu. Dalaivala anazimitsa wailesi msanga, a Vinsenti anavula chipewa.

"Pali zovuta pamudzi pano," anatero. "Sitingadutse. Tiyeni tikapepese kaye."

Tinatsika. Ine ndinakakhala kumapeto kwa amayi, pafupi ndi mtengo womwe panakhala abambo, moti zonse ndinazimva ndi makutu angawa. Atapatsana moni, a Vinsenti analankhula motsitsa mawu kwa bambo wina wa imvi, amene ndinadzamva pambuyo pake kuti ndi a Andireya, mng'ono wawo wa a Obed.

"Pepani ndi zovutazi, ife sitinamve. Tinabwera kwa a Obed ndi kamphatso, koma tidikira mwambo uthe. Akhala pati kodi, ndiwagwireko chanza?"

A Andireya anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mukuti a Obed ake ati?"

"Apampando a kalabu. Mnyamata wangayu anali nawo Lachisanu lapitali ku nazale. Akuti anawapeza akuthirira okha, makeni awiri m'manja, akuseka."

"Lachisanu," anatero a Andireya, n'kuloza ndi chibwano nyumba yomwe munkaimba amayi. "A Obed ndi amene agona m'nyumbamo, bambo. Chiwagonekereni kuchipatala cha ku Mtengowanthenga mu Ogasiti sanadzukenso. Ngakhale kapu yamadzi ankachita kuwagwirira. Tinatuma munthu ku sitolo kwanu kukanena za matendawa, anapeza chotseka. Anthu anamulozera ku bala."

Anzanga inu! Amuna onse anatembenukira kwa achimwene. Palibe anatukwana, palibe anakweza mawu, ndipo bola akanawamenya. Mawu anafika m'nyumba muja, nyimbo inaduka, ndipo pakhomo panatulukira mayi Rute, akazi a malemu, atagwiriziridwa ndi amayi awiri.

"Nedson wabwera?" anafunsa. "Bambo ako kuchipatala ankangoyang'ana kukhomo. Ankati, 'Mwana wanga uja sanabwere?' Ine ndinkawanamiza kuti njinga yako inathyoka. Lowa tsono, udzawaone."

Achimwene analowa. Potuluka anangofika pakhonde n'kugwa chafufumimba, kulira ngati kamwana. A Vinsenti anapita ku galimoto, anafunditsa njinga ija lona kuti maliboni asaoneke, n'kubwerera kudzakhala pansi. Tinaperekeza maliro mpaka kumanda. Pobalalika a Andireya anawauza a Vinsenti poyera kuti kalabu yawo sidzapondanso pa sitolo ya anthu oyendetsa wodwala m'munda ali gone m'chipatala.

Titafika pa Boma a Vinsenti anatambasula dzanja.

"Makiyi, Nedson."

Ntchito inathera pomwepo. Mawa lake achimwene anakumana ndi Lester pamsika, iye n'kunena kuti, "Aise, usandiyang'ane choncho. Ine ndinakugwira dzanja polemba?" Anapitirira akuimba mluzu.

Achimwene anadzitsekera kuchipinda, osadya, osasamba. Mayi ankangolira. Koma Bambo tsiku lina analowa osagogoda.

"Dzuka. Unagona pamene unayenera kuyenda, ukufuna ugonenso pamene uyenera kukapepesa? Gwira tambala uyo, tizipita."

Anapita wapansi, awiriwiri. Bambo ndiwo anatifotokozera kuti achimwene anagwada pamaso pa mayi Rute ndi a Andireya n'kuulula zonse, ulesi, mowa, bodza, osabisa kanthu. Mayi Rute anamvetsera mpaka kumapeto.

"Tambalayo bwererani naye," anatero. "Sangandithirire nazale. Fodya amene unalemba kuti bambo ako akuthirira uja akuuma kudambo, ndipo ana anga ndi ang'onoang'ono. Ngati uli ndi chisoni, makeni ali apo."

Abale, achimwene anatsala komweko! Ankagona m'khitchini mwa a Andireya. Anathirira nazale m'mawa ndi madzulo, anapanga mizere, mvula yoyamba itagwa anawokera, anamaliza chigafa chomwe malemu anasiya chili mitengo yokha. Anthu ena ankawaseka podutsa, amati, "Lembanitu kuti mwathirira, akalaliki!" Iwo ankangopitiriza ntchito. Atabwera kunyumba pa Khirisimasi sindinawazindikire msanga, atada bii, m'manja muli matuza okhaokha. Lamulungu lake anakaima pamaso pa akulu a mpingo, Bambo ali pomwepo, n'kupempha chikhululukiro.

Tsono imvani za dzulo, imvani! Ndikuchapa yunifolomu panja, ndinangomva galimoto yaima pakhomo. Kudzutsa mutu, ya kampani ija! Ndipo kutsogolo, pambali pa a Vinsenti, kunakhala mayi Rute ndi mpango wawo wakuda! Ine sopo ndinataya, kuthamangira m'nyumba ndikukuwa. Zoona zake, mayiwa anachita kukwera matola okha kudzadikira a Vinsenti pa sitolo.

Atakhala pansi, mayi Rute anati, "Fodya wa malemu wafika m'chiuno. A kalabu takambirana. Tibwerera ku sitolo yanu, koma wotiyendera akhale mwana yemweyu. Wina sitikumudziwa, uyu tamuona atagwa, tamuonanso akudzuka."

A Vinsenti anapukusa mutu. "Ine ndinali nditalemba kale wina m'maganizo. Nedson, ndikukupatsa nyengo imodzi yokha yoyesera. Kompyuta suigwira, azilemba ndi Marita amene ndinamuika pakauntala iwe utachoka, iwe uzingomuuza. Ndipo ine ndizitulukira m'midzimo osakuuza tsiku."

Achimwene anayankha kuti, "Zikomo bwana." Mayi athu anayamba nthungululu, anansi n'kuthamangira kudzaona ngati kuli ukwati. Bambo anangoti, "Tiyeni tipemphere," koma iwo omwe analephera kumaliza pempherolo.

Powaperekeza ndinalimba mtima n'kuwafunsa a Vinsenti ngati kulibe pulogalamu ina yatsopano yotha kuzindikira munthu akamainamiza. Anaseka. Akuti anawafunsa amene amaigulitsa, ndipo anawayankha kuti chaka chino ibwera ina yotha kutumiza zonse pa waya wa foni popanda kadisiki, koma yogwira bodza kulibe, ndipo sakuiyembekezera.

Ndiye anzanga a pasukulu pano, makina amenewa akubwera, ndipo ndi odabwitsa, tidzawagwiritsa ntchito ifeyo. Koma chenjerani ndi ulesi, chifukwa sumabwera wokha, umaitana mowa ndi bodza kuti ziusungire malo. Musanene kuti mwapita komwe simunapite, musalandire malipiro a ntchito yomwe simunagwire, ndipo mnzanu wokuitanirani pamthunzi nthawi ya ntchito muthaweni. Achimwene anga apulumukira pakamwa pa ng'ona chifukwa Mulungu anafewetsa mtima wa mayi wamasiye. Ntchito yabwerera, dzina likubwerera pang'onopang'ono. Koma a Obed anamwalira akuyang'ana kukhomo, ndipo zimenezo palibe amene angazikonzenso.