Manambala Amene Sindinayeze

Ndiyambe ndi kunena kuti ndinakulira m'nyumba yabwino, kuopa kuti wina angaganize kuti makolo ndiwo analakwa. Bambo anali okonza mawotchi. Ankakhala pa katebulo kawo pakhonde la sitolo, kagalasi kali padiso limodzi, ndipo sindinawamvepo akunamiza kasitomala. Mayi ankaimba kwaya. Tinalipo ana atatu, ine woyamba ndi alongo anga awiri, ndipo m'nyumba mwathu simunkadyedwa chakudya chosapempherera.

Tsiku limene kalata inabwera yoti anditenga ku koleji ya zachipatala, mayi anavina pakhonde mpaka aneba anatuluka.

"Mwana wanga dokotala!"

"Mayi, si dokotala. Ndi wothandiza dokotala."

"Wothandizayo amavala chakuda?"

"Choyera."

"Basi, ndi dokotala. Usandisokoneze."

Bambo sanavine. Anavula wotchi yawo n'kundimanga pamkono.

"Iyi ili ndi muvi wa masekondi. Akuti kumeneko mumawerengera nawo kugunda kwa mtima," anatero. "Koma iwe ndimakudziwa. Ukatumidwa kusesa, umasesa pokhapo pamene pakuoneka. Wotchi ndikailakwitsa ndimaitsegulanso mawa. Munthu sutsegula kawiri."

Ndinati ndamva. Kunena zoona, mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali.

Chaka choyamba chinayenda bwino. Tinaphunzira mafupa, mitsempha ndi mayina a mankhwala. Jakisoni tinkabaya malalanje, dripu tinkaika pa mkono wa chidole champhira. Mutu wanga unali wogwira, ndipo mayeso ndinkakhoza osawerenga kwambiri. Chimenecho ndicho chinandipweteka, chifukwa ndinayamba kuganiza kuti zonse zimatheka popanda thukuta.

Chaka chachiwiri anatitumiza m'mawodi. Ine anandiika ku wodi ya amuna, ya mabedi makumi atatu. Ntchito ya mwana wasukulu inali kuyeza odwala: kutentha kwa thupi, kapumidwe, kugunda kwa mtima, ndi kuthamanga kwa magazi kumene timangoti bipi. Ukayeza umalemba pa pepala lopachikidwa kumiyendo kwa bedi. Makina a bipi analipo amodzi okha, opopa ndi dzanja, lamba wake wothothoka. Ukafika bedi lomaliza, chala chachikulu chili dzanzi.

Oyang'anira wodiyo anali asisitala ena aafupi, a imvi, osaseka wamba. Tsiku loyamba anakweza pepala lija m'mwamba.

"Dokotala sakhala muno tsiku lonse," anatero. "Pepala ili ndiye maso ake. Ukalembapo bodza, wamukolowola maso."

M'wodi momwemo munali mnzanga wina amene tinkamutchula kuti Chidule. Anali akubwereza chaka, koma ankayenda ngati mwini chipatala. Ine ndikamafika bedi lachisanu, iye anali atamaliza mbali yake yonse, ali pawindo kucheza ndi atsikana a kukhitchini.

"Aise, umatani kuti uzimaliza msanga chonchi?" ndinamufunsa tsiku lina.

Anaseka. "Iwe ukufuna kufera pa makina amenewa? Taona mdala uyo. Akudya, akuseka, dzulo anali bwino. Lero angasinthe chiyani? Umangoyang'ana za dzulo, n'kulemba zofanana nazo. Timati kuphika manambala."

"Nanga akatigwira?"

"Ndani? Pepala limayankhula?"

Ndinayamba ndi bedi limodzi, la munthu woti akutuluka mawa lake. Sichinachitike chilichonse. Kenako ndinkaphikira amene ndawapeza ali mtulo, ndikumadziuza kuti ndi chifundo kusawadzutsa. Pomatha mwezi, theka la wodi linali la m'mutu mwanga.

Asisitala ananunkhiza. Anandiimitsa pakati pa wodi, mapepala anayi ali m'manja.

"Iwe, odwala akowa ndi apachibale? Onse mtima ukugunda 80?"

"Zangochitika, asisitala."

"Zizingochitika. Koma tsiku limene ndidzakugwire, sudzavalanso choyera."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine sindinasiye. Ndinangophunzira kunama bwino. Uyu 78, uyo 84, wina 76.

Ndiye linafika Loweruka lija.

Cha m'ma 12 koloko masana anabwera naye mmisiri womanga nyumba. Anali atagwa kuchokera pamwamba pa khoma n'kumenyetsa nthiti zakumanzere pa mulu wa njerwa. Anali bambo wojintcha, wa manja okhakhala, ndipo analowa akuyenda yekha. Mkazi wake ankamutsata pambuyo, kamtsikana ka zaka ziwiri kali kumsana.

Adokotala anamupima n'kunena kuti palibe fupa lothyoka. "Koma kapamba sindikumukhulupirira," anatero. "Akhoza kumakha magazi mkati pang'onopang'ono, kunja osaoneka. Muyezeni theka la ola lililonse. Mtima ukayamba kuthamanga, bipi n'kumatsika, mundiitane nthawi yomweyo. Ndili ku opaleshoni."

Asisitala anandiloza. "Wamva? Bedi ili ndi lako. Ine ndikukathandiza ku wodi ya amayi, kuli namwino mmodzi yekha."

Nthawi ya 1 koloko ndinamuyezadi. Mtima 84, bipi yabwinobwino. Mmisiriyo anali wanthabwala.

"Adokotala ang'ono, mundimasule msanga. Ndasiya simenti yosakaniza kale, iuma."

"Bambo a mwana, simentiyo ndi mkazi wanu?" anatero mkazi wake.

"Imeneyo ndiye siyankha ndikamayankhula."

Tonse tinaseka, ndipo iye anagwira pamimba pomwe ankaseka. Ndinaona, koma sindinaganizepo kanthu.

Tsiku limenelo timu yathu inkasewera mpira wa chikho, ndipo alonda a pageti anali ndi kanema m'kachipinda kawo. Chidule anasuzumira pakhomo la wodi.

"Aise, ayamba."

"Ndili ndi wodwala wa theka la ola."

"Uyo? Munthu wodandaula za simenti angafe? Tiye, ubwera pa hafu."

Ndinapita.

Pa hafu ndinabwerera, ndipo mkazi wa mmisiri uja anandichingamira pakhomo. "Adokotala, akuti ali ndi ludzu kwambiri." Ndinati ndi kutentha kwa masana. Ludzu lotero tinali titaphunzira tanthauzo lake, ndipo funsolo pamayeso ndinalikhoza. Koma mtima wanga unali pageti. Ndinaima kumiyendo kwa bedi, ndinalemba mizere iwiri ya m'mutu, osamukhudza n'komwe.

Ndikutuluka, ananditsatira mpaka pakhonde. "Adokotala, thukuta lake likuzizira."

"Ndi mankhwala akugwira ntchito, mayi. Musadandaule."

Kachitatu anabwera yekha mpaka kwa alonda, mwana akulira kumsana. Anaima pakhomo mwaulemu, ngati iye ndiye wolakwa.

"Adokotala, pepani. Sakuyankhula bwino."

"Ndikubwera, mayi. Tsogolani."

Panali penate. Ndinadikira penateyo, kenako ndinati mphindi zatsala zochepa, ndimalize. Ndinanyamuka wezulo yomaliza italira.

Ndinamupeza milomo itatuwa, maso ali gwa kudenga, mimba itauma ngati thabwa. Nditagwira mkono wake, unali wozizira, ndipo mtima unkamveka ngati ulusi woti uduka. Sindinathe n'kuwerenga komwe.

Apa ndiye pali chimene sindinauzepo munthu kwa zaka zambiri. Sindinafuule nthawi yomweyo. Ndinayang'ana pepala, ndinaona mizere itatu yopanda kanthu, ndipo ndinatulutsa cholembera. Munthu akutha patsogolo panga, mkazi wake akundiyang'ana ndi chikhulupiriro, ine ndinalemba 82, 80, 86, ndi bipi yake pambali. Nditamaliza kudziteteza, ndi pamene ndinathamanga kukaitana adokotala.

Anamwalira tikumukankha pakhonde, tisanafike pakhomo la opaleshoni.

Adokotala anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Mpaka posachedwapa anali bwino chonchi? Zachilendo." Anapukusa mutu n'kubwerera mkati.

Mayi uja atalira mpaka mawu kutha, anandipeza pakhonde. Ndinaganiza kuti andimenya, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Koma anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Mwayesetsa, adokotala. Ndinakuonani mukuthamanga. Mulungu akudalitseni."

Lolemba m'mawa asisitala anandiitanira mu ofesi yawo. Pepala lija linali patebulo.

"Bipi ya 2 koloko unayeza ndiwe?"

"Ndine."

"Ya 3 koloko?"

"Ndine, asisitala."

"Ndi chiyani?"

"Ndi makina athu."

Anandiyang'ana osaphethira. "Makina athu ndinawatenga ine utangomaliza kuyeza ya 1 koloko, chifukwa a ku wodi ya amayi anaphulika chubu. Anali m'manja mwanga mpaka madzulo. Ndikufunsanso, mwana wanga. Unayeza ndi chiyani?"

Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

"Akanatha kupulumuka," anatero motsitsa mawu. "Ola limodzi lokha likanakwana."

Sabata yomweyo akuluakulu a koleji anandichotsa. Wamasiye uja anali atapita kukaika maliro kwawo, ndipo palibe amene anamutsatira kukamuuza zoona. Chidule nditakumana naye pageti ndi chikwama changa, anakweza mapewa.

"Aise, ine ndinati uziphikira amene ali bwino. Za amene akufa sindinakuphunzitse."

Kunyumba mayi analowa kuchipinda, osatuluka mpaka mawa lake. Bambo anamva nkhani yonse, kenako anayang'ana pamkono panga.

"Wotchiyo inaima?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye chinaima n'chiyani?"

Ndinaivula n'kuiika patebulo pawo. Sanandibwezere, ndipo mpaka tsiku la imfa yawo sitinaitchulenso.

Amalume anandiphunzitsa kusoka, ndipo ndinakhala telala. Ndinakwatira, ndili ndi ana. Anthu amanditi ndine wofatsa, osadziwa chimene chinandifatsitsa. Mpira sindionera. Ndikamva wezulo, ngakhale ya ana pabwalo la sukulu, ndimasiya kusoka. Ndikamayeza kasitomala dzanja la malaya, zala zanga zikafika pamkono pake, ndimamva kuzizira kuja. Ndipo masana ena, makina osokera ali phokoso, ndimamva mawu aulemu kumbuyo kwanga: adokotala, pepani. Ndimacheuka. Pakhomo palibe munthu.

Patapita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, tsiku lina ndinacheuka ndipo munthu analipodi. Anali mayi wachikulire ndi mtsikana wamtali, atanyamula yunifolomu yoyera yofuna kuchepetsa. Mayiyo anandiyang'anitsitsa, kenako nkhope yake inawala.

"Adokotala! Si inu? Mukusoka tsopano?" Anakoka mtsikanayo. "Iwe, ndi awa ndimakuuza aja, amene anathamanga ndi bambo ako. Adokotala, uyu ndi uja anali kumsana. Amutenga ku koleji, akukaphunzira ntchito yanu yomwe ija. Kuyambira ali wamng'ono amati ndikufuna kudzakhala ngati adokotala aja. Mumulangize."

Mtsikanayo anawerama mwaulemu, akumwetulira. Anali ndi mphumi ya bambo ake.

Ndikanatha kunena kuti limbikira sukulu, mwanawe, iwo n'kupita. Lilime linali litayamba kale kutero. Koma sindinatero. Ndinatsika pampando n'kugwada pansi, pakati pa zidutswa za nsalu.

"Mayi, sindine dokotala. Sindinamalize. Anandichotsa chifukwa cha amuna anu."

Ndinawauza zonse. Mpira, penate, makina amene kunalibe, mizere itatu ija. Sindinasiye kanthu. Mtsikanayo anali atakumbatira yunifolomu pachifuwa.

"Katatu," anatero mayiwo. "Ndinakuitanani katatu."

"Inde, mayi."

"Zaka zonsezi ndimadziimba mlandu kuti ndinachedwa kukuitanani. Ndimati mwina ndikanafuula. Mwina ulemu wanga ndiwo unamupha." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndipo dzina lanu sindilidziwa, koma Lamulungu lililonse ndimakupemphererani."

"Ndikhululukireni."

"Zimenezo musandifulumize. Inu zakutengerani zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

Mtsikanayo anagwira mayi ake. "Amayi, tiyeni. Tikasoketse kwina."

"Ayi." Anamulanda yunifolomuyo n'kuiponya pa makina anga. "Dzukani. Tengani tepi, mumuyeze mwanayu. Paliponse pamene mwalemba nambala, ndione kuti tepi yafikapo. Ndipo iwe," anatembenukira mwana wake, "uwayang'ane bwino bambowa. Langizo lako ndi limeneli."

Ndinamuyeza, mayi ake ataima pambali panga, akuwerenga nambala iliyonse. Yunifolomuyo anadzatenga ndi mtsikanayo yekha, ndipo sanakhale pansi. Mayi ake sindinawaonenso. Ngati anandikhululukira, sindikudziwa. Mulungu ndinamupempha, ndipo ndikhulupirira kuti anamva, koma zimenezo sizinadzutse mmisiri uja.

Ndalemba izi chifukwa cha inu achinyamata amene mukupita kukavala zoyera. Ine sindinabe, sindinaledzere, sindinamenye munthu. Ndinangochita ulesi, n'kuufunditsa bodza, ndipo mwana anakula wopanda bambo. Chimene simunayeze musalembe. Mzere wopanda kanthu adzakukalipirani nawo tsiku limodzi, koma mzere wabodza umaika munthu m'manda. Ndipo wina akadzaima pakhomo n'kunena kuti pepani, wodwala wanga sali bwino, dzukani pa kuitana koyamba.