Singano Yopanda Diso

Shopu ya Mayi Telala inali ndi makina anayi, ndipo awiri ankatsokomola ngati nkhalamba. Denga linkadonthera pa tebulo lodulira nsalu. Tsidya la msewu, mnzawo amene anaphunzira naye kusoka anali atamanga shopu yosokeramo ya makoma a magalasi okhaokha. Mayi Telala akaiyang'ana, malovu ankawawa m'kamwa.

Komabe antchito awo sankachoka. M'mawa uliwonse ankaima mozungulira tebulo lija n'kupemphera, kenako aliyense ankanena chimene analakwitsa dzulo lake. Wina akati, "Ine ndinasokera mkono chagada," onse ankaseka, n'kuthandizana kuphwasula msokowo.

"Mapemphero sagula magalasi," Mayi Telala anauza mng'ono wawo, amene ankadula nsalu.

"Koma palibe kasitomala anatibwezerapo chovala, achemwali."

Lachiwiri masana Mayi Telala anatulukira khomo lakuseri, ulendo kwa sing'anga wina wokhala kumbuyo kwa malo ogulitsira matabwa. Chipinda chake chinali choyera bwino, chopanda fungo lililonse, ndipo zimenezo ndi zimene zinawaopsa.

"Mwachedwa, mayi," anatero sing'angayo. "Nsanje yanu inafika kale, yakhala pampandopo."

"Ndikufuna chuma, bambo."

"Antchito muli nawo angati?"

"Asanu, kuphatikiza mng'ono wanga."

Anawapatsa singano yakuda, yopanda diso. "Mwezi uliwonse muzule ulusi umodzi pa chovala cha wantchito mmodzi, muukulunge apa. Ndipo zoimirira m'mawa zija zithe. Singanoyi imadana ndi anthu ovomera kulakwa."

"Afa?"

Sing'anga anaseka osatsegula pakamwa. "Kufa ayi. Angokhala antchito abwino."

"Nanga asanuwo akatha?"

"Sinagonepo ndi njala imeneyi."

Woyamba kuzulidwa ulusi anali Bambo Mabatani, munthu wanthabwala amene ankaimbira makina ake nyimbo. Mawa lake analowa osapereka moni. Anasoka tsiku lonse osamwa ndi madzi omwe. Sabata yomweyo maoda anayamba kugwa ngati mvula: makatani a mahotela, mayunifolomu a masukulu. Denga linasinthidwa, magalasi anaikidwa aakulu kuposa atsidya.

Mkazi wa Mabatani anabwera, mwana ali kumsana. "Mayi, amuna anga mwawatani? Mwana wawo akumuyang'ana ngati batani lothothoka."

"Ndi kutopa chabe," anayankha, n'kutseka chitseko.

Wachiwiri anatsatira, wachitatu, wachinayi. M'shopu munkamveka makina okha. Anthu anayi ankaponda mofanana, kuphethira mofanana, ndipo mawu akuti "ndalakwitsa" anatheratu. Mwezi ukamatha singano ija inkatentha m'thumba mpaka kusiya chipsera pantchafu.

Mwezi wachisanu mng'ono wa Mayi Telala anaika sizasi pansi.

"Achemwali, dzulo Mabatani anasokera chala chake pamodzi ndi kolala. Sanalire. Sanaime n'komwe. Sindikudziwa chimene mwachita, ndipo sindikufunsani. Tiyeni tingoimanso patebulopa, olo tiwiriwiri."

Mayi Telala anagwetsa misozi, yeniyeni ndithu. Anamukumbatira mng'ono wawo mwamphamvu. Singano inkawotcha. Ali chikumbatirire, zala zawo zinapeza ulusi paphewa la diresi, n'kuzula.

Sabata yotsatira kunabwera oda yoposa onse, mayunifolomu a chipatala chathunthu. Mng'ono uja anadula nsalu yoyamba molakwika, yopanda pakhosi potulukira mutu. Anadulanso yachiwiri chimodzimodzi, mpaka mulu wonse. Osoka anasoka. Onse ankaona, koma panalibe wotsegula pakamwa. Mayi Telala anali kwa ogulitsa galimoto, akusankha mtundu.

Katundu anabwezedwa ndi lole yomwe inamutenga. Mbiri inathamanga msewu wonse, makasitomala n'kuwolokera tsidya. Abale a antchito anabwera kudzatenga anthu awo, kuwatsogolera pogwira dzanja ngati akhungu.

Anatsala mng'ono wawo yekha, akudula mpweya ndi sizasi. Mayi Telala anagwada, kumuitana ndi dzina lake laubwana, kumukumbutsa za malemu mayi awo. Maso aja sanatembenuke.

Anathamangira kwa sing'anga. Anapeza m'chipindamo mwadzaza matabwa, ndipo ogulitsa anati chakhala chotero zaka zambiri.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi unatha. Singano inatentha mpaka thumba linafuka utsi. Anaitaya m'ngalande, koma anaipeza m'dzanja. Anaikwirira, anaipezanso m'dzanja. Pomaliza anayang'ana mpendero wa diresi lawo lomwe. Ulusi umodzi unali ukulendewera.

Mpaka lero amakhala pakhonde la shopu yotsekedwayo, mapazi akuponda makina amene kulibe. Ukawapatsa moni sayankha.

Dyera limayamba ndi kudya anthu amene akukugwirira ntchito, kenako abale ako, n'kumalizira iwe. Ntchito imene imakhalitsa ndi ya anthu oopa Mulungu, amene amatha kuuzana zoona akalakwitsa. Ukawatseka pakamwa kuti ulemere msanga, tsiku limene zinthu zidzapotoke sipadzakhala wokuuza.