Bulangeti Lopsa ndi Nsimbi

A Alfonsi Mbewe ananyamuka kwa mlongo wawo ku Madzimoyo nthawi itapitirira teni koloko usiku. Anawayalira mphasa kuti agone konko, koma iwo anakana chifukwa cha mkwiyo. Nkhani inali ya Tiyamike, mwana wa mlongo wawoyo. Mphunzitsi wina wa ku Chipangali, Goodson Tembo, anali atamufunsira ukwati, ndipo ankhoswe ake ankabwera m'mawa mwake kudzamva yankho. Monga malume, mawu omaliza anali a Alfonsi, ndipo anali atawanena kale kuti ayi.

Mnyamatayo analibe chifukwa china koma bambo ake, amene anafera m'ndende atamangidwa pa mlandu woba ng'ombe. A Alfonsi anagwira ntchito ya usilikali wa kundende zaka makumi atatu, ndipo anapuma ali ndi nzeru imodzi yomwe ankainyadira kuposa penshoni: ankati mbala amaidziwa pongoiyang'ana. Makutu otambasuka, maso osakhazikika, chibwano chachikulu, basi mlandu watha. Ngakhale kutchalitchi, munthu woyendetsa mbale ya chopereka ankayamba amuona makutu asanaponye ndalama.

"Kuba kuli m'magazi," anatero madzulo amenewo. "Make mbuu, mwana mbuu."

Tiyamike anagwada akulira. "Malume, nanga Goodson anabapo chiyani?"

"Sanabe. Adzaba."

Ndiye anali panjira okha, m'chisanu cha Juni, foni itatha moto. Kwawo kunali tsidya lina la dambo, ulendo wa ola limodzi. Mwezi unkawala bwino, ndipo iwo ankayenda akudzitsimikizira mumtima kuti apulumutsa mtsikanayo. Anadutsa minda ya chimanga chokolola kale, nafika pamene njira imakhota m'mbali mwa msitu wa kumanda. Apa anafulumizako pang'ono, poti ngakhale msilikali amakhala ndi mtima.

Kenako anamva mapazi. Mapazi opanda nsapato, kumbuyo kwawo... phwa, phwa, phwa.

Anaima. Mapaziwo anaimanso.

"Odi kuno, bwana."

Bwana! Kuchokera pamene anavula yunifolomu palibe anawaitanapo ndi mawu otsika chotero. Munthuyo anawadutsa mwaulemu, atafunda bulangeti kuyambira m'mapewa, nayamba kuyenda patsogolo pawo. Sanatalikire, sanayandikire. Mapazi atatu okha.

A Alfonsi anaimanso kuti aone. Munthu uja ananyonyomala pomwepo, manja pamaondo, mutu pansi.

Mayendedwe amenewo a Alfonsi ankawadziwa. Mkaidi amayenda patsogolo pa msilikali, ndipo msilikali akaima, mkaidi amanyonyomala. Koma kuno kunali kuthengo, ndende ili kutali.

"Ndinu yani?" anafunsa a Alfonsi.

"Tiyeni, bwana. Ndikuperekezeni mpaka pa mlatho."

Anayenda. Nkhululu zinali zitasiya kulira. Achule a m'dambo anali chete. Ngakhale mphepo inaleka, udzu wonse unangoti njo, ngati anthu m'khoti woweruza akamalowa.

Atafika pa mlatho, munthuyo anatembenuka, natukula nkhope kuti mwezi uiwalire.

"Ndamva kuti mumadziwa mbala poyang'ana nkhope. Tandionani ine."

A Alfonsi anayang'ana, poti chizolowezi sichimva mantha. Makutu aang'ono ogona bwino. Maso odekha. Chibwano chofewa.

"Inu ndinu munthu wabwino," anatero, mtima ukubwerera m'malo pang'ono. "Nkhope yanu ndi ya mkulu wa mpingo."

"Ndinaba, bwana."

A Alfonsi anamuyang'ananso makutu aja.

"Ng'ombe imodzi, chaka cha njala. Ndinavomera ndekha m'khoti. Anandipatsa zaka zisanu, sindinadandaule." Anapitiriza motsitsa mawu. "Mwana wanga anali wa zaka zitatu. Iye anangomwa msuzi chabe. Nanga wake mlandu ndi wa zaka zingati?"

A Alfonsi anamuyang'anitsitsa. Apa ndi pamene anaona kuti mpweya wawo ukutuluka ngati utsi m'chisanumo, koma pakamwa pa mlendoyo palibe. Anayang'ana pansi. Chithunzithunzi chinali chimodzi pa simenti ya mlatho. Chawo chokha!

Ndiye bulangeti lija... lotuwa, la mizere yofiira. Pangodya pake panali popsa, pooneka bwino kuti panakhala nsimbi yositira.

Bulangetilo linali lawo. Akazi awo a Monika ndi amene analiwotcha ndi nsimbi ya makala, ndipo anakangana za nkhaniyi sabata yathunthu. A Alfonsi ankapita nalo kuntchito akamalondera usiku. Chaka cha 2003, mwezi ngati womwewu, mkaidi wina anamwalira ndi chifuwa m'bandakucha. Abale sanabwere, uthenga sunawafike. Ankati amuike m'manda a boma ndi nsanza zake zomwezo. A Alfonsi anaona kuti sizingatheke, munthu ndi munthu. Anamutseka maso, namukulunga m'bulangeti lawo. Dzina sanafunse, ankangodziwa nambala.

"Likufundabe, bwana," anatero mlendoyo, akusisita popsa paja. "Zikomo. Tsiku lija simunayang'ane makutu anga."

"Dzina... dzina lanu?"

"Yakobo. Ine ndathera pano."

Ananyonyomala komaliza, mutu pansi. Kamtambo kanaphimba mwezi. Katachoka, pa mlatho panalibe munthu.

Achule anayambiranso onse pamodzi. A Alfonsi sanathawe. Anavula chipewa, naima pomwepo nthawi yaitali, misozi ikutsika. Mantha anali atachoka, panatsala ulemu waukulu umene sanaumvepo pamaso pa woweruza aliyense, ndi manyazi.

Atafika kunyumba anadzutsa a Monika. "Kodi bulangeti la mizere yofiira lija linapita kuti?"

"Mwaledzera? Si lija munabwera opanda, n'kundiuza kuti mwafunditsa maliro a mkaidi? Papita zaka zoposa makumi awiri, bambo."

A Alfonsi sanagone. Kutacha anabwerera njira yomweyo, ndipo anapeza ankhoswe a ku Chipangali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango. Tiyamike anali kuseri kwa nkhokwe, maso atatupa. Moni atatha, a Alfonsi anafunsa mkulu wa ankhoswewo, a Matiyasi, funso limodzi.

"Bambo a mnyamatayu dzina lawo anali yani?"

A Matiyasi anaweramitsa mutu, poganiza kuti chitonzo chayamba. "Yakobo Tembo, mng'ono wanga. Sitibisa, anaba ng'ombe. Anafera m'jele mu Juni 2003. Ife tinamva patapita mwezi, ndipo manda ake sitiwadziwa mpaka lero. Tinangomva kwa mkaidi mnzake kuti msilikali wina wachifundo anamufunditsa bulangeti lake."

Mlongo wa a Alfonsi ankawayang'ana, akudikira ayi wa dzulo uja.

"Mnyamatayo ali kuti?" anafunsa a Alfonsi.

"Tamusiya kumsewu, akudikira yankho."

A Alfonsi anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Manda a bambo ake ndikuwadziwa ine. Kamuitaneni mkamwini wangayo, ndikamuonetse."