Mpweya wa M'foni ya kwa a Lyford

Esnat ndiye anayamba kuzindikira kuti m'foni yawo muli munthu. Chinali chaka cha 1990, nyengo yozizira, ufa utangokwera mtengo. Akati aimbire mkulu wake ku Mwami, ankamva kaphokoso koti "kete", kenako mpweya wolowa ndi kutuluka pang'onopang'ono, ngati wa munthu wobisala kuseri kwa chitseko.

Mwamuna wake Lyford, kalaliki wa pa sitolo ya alimi ku Chipata, anangoseka. "Ndi mawaya akale awa, amake Chipo. Boma lingataye nthawi kumvetsera ife?" Tsiku lomwelo anaimbira mng'ono wake ku Lusaka, nadandaula za njala ndi za akuluakulu odya okha. Loweruka kunabwera amuna awiri pa galimoto yopanda nambala, nati akungofuna kumufunsa pang'ono. Anakwera atavala patapata, mankhwala ake a mphumu atawasiya pawindo.

Esnat anapita kupolisi, kuchipatala, ngakhale kumochale. Konseko yankho linali limodzi: "Sitikumudziwa." Kutchalitchi anthu anayamba kukhala patali naye. Tryness yekha, mayi woyandikana naye nyumba, ndiye ankamunong'oneza pampanda. "Ndi mashushushu, akazitape a boma aja, anzanga. Akuti ali ndi chipinda chopanda mawindo, amangokhala atavala zomvera m'makutu. Ena akuti amuna anu anawatengera ku Lusaka. Zulani foniyo."

Koma akanaizula bwanji? Nanga Lyford akaimba?

Usiku wina magetsi atazima, Chipo atagona, foni inalira kamodzi n'kuleka. Itayambiranso, Esnat anaifufuza mumdima n'kuinyamula. Mpweya uja unalipo. Kumbuyo kwake kunkamveka madzi akudontha m'chitini, ndi mpando wachitsulo ukukokedwa pasimenti.

Usiku wotsatira inaliranso. Ulendo uno, chapatali ndithu, munthu anatsokomola. Chinali chifuwa chouma chothera m'kamluzu, chimene Esnat ankachidziwa chikwatiwire.

"Atate ake Chipo!" anafuula. Foni inaduka.

Kuyambira pamenepo anasiya kugona kuchipinda. Ankayala mphasa pafupi ndi katebulo ka foni, botolo la mankhwala lili m'manja. Chifuwa chija chinkamveka usiku uliwonse, koma chinkanka chichepera mphamvu, mpaka usiku wina sichinamvekenso. Panatsala madzi odontha ndi mpweya wa mlendo uja.

Esnat anagwada pasimenti pozizira, foni ili kukhutu.

"Bambo, kaya ndinu ndani, ndikudziwa mukundimva," ananong'ona. "Inunso muli ndi mkazi. Sindikufunsa mlandu wake. Ndiuzeni kokha kumene ndingasiye mankhwalawa. Akapanda kumwa afa. Ndakugwirani mwendo."

Mpweya uja unaima. Kunja agalu a m'komboni anali atasiya kuuwa, ndipo malata ankalira okha chifukwa cha kuzizira. Kenako kunamveka mawu a mwamuna, ofatsa, aulemu, ngati a mphunzitsi wa Sande sukulu.

"Amake Chipo, dzukani, pasimenti pakuzizira. Ndipo katsekeni chitseko cha kukhitchini. Mwana angadwale."

Esnat anatembenuka pang'onopang'ono. Chitseko chimene anachikhoma yekha ndi mpiringidzo chinali pululu, mphepo ikugwedeza katani. Pakhomo panaima Chipo, maso ali tulo, akuyang'ana kunja mumdima.

"Amama," anatero mwanayo, "amalume ali panjawo akuti mubwere nawo mankhwala."