Kabuku ka Kusikelo M'thumba la Diresi

Zaka zisanu ndi ziwiri telala wina wamkazi anakhala pabanja m'nyumba ya apongozi ake wopanda mwana, ndipo palibe anamunenapo choipa. Koma mkazi wa mlamu wake wamng'ono atangoima, zinthu zinasintha. Mpando wofewa wa pabalaza unasanduka wa woyembekezerayo. Apongozi ankamulanda tsache m'manja, n'kumamuitana kuti "mwana wanga". Telala ankapalasa makina ake pakhonde, mtima ukumubaya ngati wameza singano.

Tsiku lina woyembekezerayo anamupatsa diresi kuti amukulitsire. M'thumba munali kabuku ka kusikelo, ndipo munalembedwa kuti ali ndi matenda a chiwindi a hepataitisi B. Telala anali atamvapo kuti anthu amapatsirana matendawa pogonana. Anadikira nthawi ya chakudya chamasana, onse atakhala, n'kuponya kabukuko patebulo.

"Amayi, ifunseni mfumukazi yanuyi komwe yawatenga matendawa. Ikupherani mdzukulu asanabadwe."

Woyembekezerayo anagwira mimba n'kuyamba kulira. Mwamuna wake anadzambatuka, koma apongozi anamukhazika pansi ndi dzanja. Anafotokoza mofatsa kuti zonsezo ankazidziwa kale. Mtsikanayo atapezeka nawo, anamwino anaitanitsa mwamuna wake, kenako apongoziwo, ndipo onse awiri anapezeka nawo. Adokotala anati mwina apongoziwo ndiwo anapatsira mwana wawo pomubereka, iye n'kupatsira mkazi wake mosadziwa. Mtsikanayo anali atayamba kumwa mankhwala, ndipo khandalo adzalibaya katemera tsiku lomwelo lobadwa kuti lisatengere.

"Ndimamusamala chifukwa matendawa achokera kwa ine," anatero apongoziwo misozi ikutsika. "Ndipo mwamuna wakoyo anatuluka m'mimba yomweyi."

Telala anacheukira mwamuna wake. Iye anawerama, n'kuulula kuti anakayezetsa masabata awiri apitawo, anamupeza nawo, koma ankasowa poyambira kumuuza.

Telala anathawira kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Analira mpaka maso kutupa, mantha ndi manyazi zikumulimbirana.

M'mawa mwake anamva kugogoda. Anali woyembekezera uja, atavala kale nsapato.

"Akulu, konzekani ndikuperekezeni. Mzere wa koyezetsa umatalika msanga."

Telala analephera kumuyang'ana kumaso. Anangofunsa chapansipansi ngati sakumuda.

"Mawu ndili nawo ambiri," anayankha choncho woyembekezerayo, "koma tikambirana pobwerera."